Tsamba Limene Trinh Sanawerenge

Mvula ya mumzinda wa Hue ikayamba mwezi wa Okutobala sifunsa kuti pakhomo pali ukwati kapena maliro. Sabata imeneyo inali itagwa masiku anayi osapumira, ndipo mtsinje wa Huong unali utayamba kunyambita masitepe a kumsika.

Thoa za mtsinje analibe nazo ntchito. M'mutu mwake munali masiku awiri okha. Lachisanu linali tsiku lomaliza loti Mien, mtsikana amene ankamuwongolera, atumize mapepala ake ku yunivesite ina ya ku America, ija yoti pa ana zana ofunsira malo imatengapo anayi. Lamulungu linali tsiku loti akwawo kwa Luan, mchimwene wake wa Mien yemweyo, abwere kwa bambo ake a Thoa ndi mbale yofiira ya masamba a trau, aja amatafuna pamwambo wa ukwati, kudzafunsira mbeta. Zaka ziwiri zozemberana m'mashopu a khofi zinali zitafika pamenepo.

Ntchito ya Thoa inali yokhala ndi ana anzeru m'kachipinda ka pamwamba pa telala, n'kumawapanikiza ndi mafunso mpaka anene zoona. Mien atabwera koyamba anabweretsa chimangirizo chodzaza mendulo ndi ana amasiye amene sanawaonepo n'kamodzi komwe. Thoa anachiwerenga, n'kumubwezera.

"Awa ndi mawu a aliyense. Ku America kuli mulu wa mapepala otere wofika kudenga. Ndilembere chinthu chimene ukuchidziwa iwe wekha."

Mien anang'amba mapepala kakhumi. Ulendo wotsatira anabwera maso ali ofiira, n'kuika masamba awiri patebulo. Anali atalemba za mayi ake, Mayi Gam, eni shopu ya maswiti a chitowe yodziwika mzinda wonse. Analemba kuti mayiwo anabadwira m'bwato, pakati pa anthu aja ankakhala pamtsinje opanda munda, opanda ngakhale dothi loikapo akufa awo. Analemba kuti mpaka lero sadziwa kuwerenga, kuti magalasi amene amalendewera pakhosi pawo, aja amati "sakuonanso bwino" munthu akawapatsa pepala, ndi galasi wamba la pawindo. Ndiponso kuti kuyambira ali ndi zaka zisanu ndi ziwiri Mien ndiye amawawerengera makalata kuseri kwa matumba a shuga, chitseko chitatsekedwa.

Thoa anagwetsa misozi. Kenako anatenga cholembera chofiira n'kulemba m'mphepete mwa tsamba loyamba: Apa ndiye pali iwe. Usabise kanthu.

Lachiwiri masana foni inalira. Unali uthenga wa Luan.

Bwera kushopu msanga. Amayi akukufuna. Trinh ali pompano.

* * *

Trinh anali mwana wa wosula golide wa mumsewu womwewo. Anakaphunzira ku Australia, n'kubwerako ndi tsitsi lofiirira komanso ofesi ya nsanjika zitatu yotumiza ana kunja, momwe chimangirizo chimatuluka chopsa kale ngati buledi. Diso lake linali pa Luan kuyambira ali ku sekondale, ndipo Mayi Gam sankabisa kuti mpongozi wa kunyumba ya golide akanawakomera.

Thoa anavula chovala cha mvula pakhomo, n'kupinda manja pachifuwa.

"Ndakupezani, azakhali."

"Khalani pansi, aphunzitsi."

Thoa anakhala pansi. Miyezi itatu yonseyi mayiwa ankamuitana kuti mwananga.

Pakauntala panali masamba awiri aja, cholembera chofiira chikuoneka. Trinh anali atakhala pampando wa pafupi ndi fani, mwendo pamwamba pa unzake. Luan anaima pachitseko cha kukhitchini, manja ali mbuu ndi ufa.

"Ndinalipeza m'chikwama cha Mien dzulo," anatero Mayi Gam. Mawu awo anali otsika, ndipo kutsikako n'kumene kunkaopsa. "Ndinati mwana wanga walemba Chingelezi masamba awiri athunthu, anzanga a kukachisi amve. Tinalipo asanu, tikumwa tiyi pomwe mwakhalapo. Ndinamuitana Trinh, ndati mwana iwe unapita kunja, tatimasulira."

"Ine ndinangowerenga zolembedwazo, achemwali," anatero Trinh akuyang'ana zikhadabo zake. "Ndikanadziwa bwanji? Ndimayesa ndi za mendulo. Pakamwa panangopitirira pokha."

"Zaka makumi awiri ndi zisanu ndakhala ndikutsuka fungo la mtsinje," anapitiriza Mayi Gam ngati Trinh sanalankhule. "Mkazi wa adokotala amandisungira malo kutsogolo kukachisi. Dzulo anandiyang'ana kumapazi, ngati akufuna aonepo matope. Wina n'kufunsa kuti, kodi manda a makolo anu ali kuti, a Gam? Inu aphunzitsi, ndinakupatsani mwana kuti mumuonetse khomo la azungu. Sindinati mumuphunzitse kuvula mayi ake pamsewu."

"Azakhali, a ku yunivesite amafuna kuti mwana anene za moyo wake weniweni, chifukwa..."

"A ku yunivesitewo adzabwera pamaliro anga?"

Trinh anatsegula chikwama n'kutulutsa pepala lina, losalala, lopanda chofufuta.

"Ili n'lokonzeka kale. Mien anatsegula laibulale ya ana a kumapiri. Azungu zimenezo amazikonda kwambiri."

"Mien sanapondeko kumapiri."

"Zithunzi tili nazo."

"Zithunzi za yani?"

"Ndati tili nazo, achemwali."

Mayi Gam anagogoda kauntala ndi chala. "Mverani, ndi ziwiri basi. Mien atumiza la Trinh. Ndipo inu Lachisanu teni koloko mubwera pano, anzanga ali pompano, munene ndi pakamwa panu kuti nkhani ya bwatoyo munaipeka ndinu kuti azungu amve chisoni. Mukatero, Lamulungu mbale ibwera kwanu. Mukapanda kutero, masambawo ndikawataya mumtsinje."

Thoa anatembenukira kwa Luan. Luan anali akuyang'ana ufa wa m'manja mwake.

* * *

Madzulo a tsiku lomwelo Thoa ndi Luan anakumana pa kashopu kawo ka masiku onse, pansi pa linga lakale, pomwe mayi wina amagulitsa khofi wothira mchere. Madzi ankadontha kuchokera palona n'kumagwera m'ndowa. Khofi wa Thoa anazizira asanamulawe.

"Ndi mawu atatu okha, Thoa. Ndinapeka ndine, pepani. Ukatero zatha."

"Achimwene," anatero Thoa, pakuti kwathu kuno mtsikana amamuitana choncho mwamuna amene wamulowa mumtima, ngakhale atakwiya naye, "ndikanena mawu atatuwo, pofika mawa mzinda wonse udziwa kuti Thoa amapekera ana nkhani. Zimenezo zisiyeni, ndi zanga. Nanga Mien? A ku yunivesite akadzatulukira kuti laibulale ija kulibe, adzamukweza ndege ndi sutikesi yake, dzina litada mpaka kalekale."

"Trinh watumiza ana angati? Wabwezedwa ndani?"

"Ndiye kamukwatireni Trinh, muzikatsegula malaibulale kumapiri."

"Usayambe zimenezo."

"Wayamba ndani? Masana aja munaima pachitseko ngati mtengo wa magetsi. Mayi anu akundiuza kuti ndikhale wabodza pagulu, inu mukuwerenga ufa."

Luan anatembenuza kapu yake kangapo pambale.

"Inu munabadwira kuti?" anafunsa Thoa, mawu atatsika tsopano. "Ndadziwa kwa milungu isanu ndi umodzi. Tsiku lililonse ndimati lero andiuza okha. Zaka ziwiri, achimwene. Mwandiuza za mano anu, za njinga yanu, za mtsikana munkamufuna muli sitandade sikisi. Zimenezi zokha ayi."

"M'bwato," anayankha Luan mosayang'ana. "Ndinatsika ndili ndi zaka zisanu ndi chimodzi, atatipatsa malo kumtunda. Kusukulu anzanga ankatseka mphuno ndikamadutsa. Iwe unakulira m'nyumba ya matailosi, mabuku a agogo a agogo ako ali m'kabati. Kwa iwe bwato ndi nkhani yokoma yopezera mwana malo ku America. Kwa ife ndi chilonda, ndipo wachikanda."

Mawuwo anamulowa Thoa, chifukwa sanali onama. Akanakhala kuti Luan analekera pomwepo, mwina akanagwirana manja. Koma mwamuna akaona kuti mawu ake alasa, amafuna kuponyanso ena.

"Trinh akuti Mien akalowa kumeneko dzina lako likwera. Akuti ana a anthu olemera adzadzaza masitepe ako mpaka kwa telala. Mwina n'chifukwa chake ukukakamira."

Thoa anaimirira. Anavala chovala cha mvula pang'onopang'ono, n'kumanga zingwe zake zonse.

"Trinh akuti. Chabwino. Mukafunse Trinh kuti Lamulungu muvale malaya ati."

* * *

Lachitatu Luan anatumiza mauthenga asanu ndi awiri. Woyamba unali wakuti Pepa. Wachisanu ndi chiwiri unali wakuti Koma ganizira amayi. Thoa sanayankhe ngakhale umodzi.

Uthenga wachisanu ndi chitatu unali wa Trinh: chithunzi chake ali kukhitchini kwa Mayi Gam, atavala epuloni pamwamba pa diresi la silika, phewa lake litagundana ndi la Luan. Pansi pake analemba kuti: Musade nkhawa achemwali, amayi ndikuwasamalira.

Amayi. Thoa, amene mbale inali kubwera kwawo, anali akadali pa azakhali.

Kunyumba anapeza bambo ake, Bambo Tuc, atayala nyuzipepala pakhonde, akupukuta zofukizira za mkuwa za paguwa la makolo. Anaphunzitsa Chingelezi ku sekondale zaka makumi atatu asanapume, ndipo chiyambire kumwalira kwa mayi ake a Thoa sanasangalalepo ngati sabata imeneyo. Makapu a tiyi a maluwa abuluu, aja amatuluka pachaka chatsopano pokha, anali atatsukidwa kale.

"Iwe Thoa, tabwera. Anthu akowa kwawo kwenikweni ndi mudzi uti? Ndikufuna ndidziwiretu, poyatsa lubani ndisachite chibwibwi pamaso pa makolo."

Thoa anawerama ngati akumasula nsapato.

"Adzanena okha Lamulungu, bambo."

"Zaka ziwiri osafunsa mudzi wa mwamuna? Ana a masiku ano mumafunsana chiyani, nambala za foni?"

Anaseka okha, n'kupitiriza kupukuta.

* * *

Lachinayi masana Mien analowa m'kachipinda ka pamwamba pa telala atanyowa ngati wagwera m'chitsime, yunifolomu itamatirira pathupi.

"Aphunzitsi, kompyuta andilanda, aipereka kwa achemwali a Trinh. Koma mawu achinsinsi muli nawo inu. Tsegulani, titumize pompano. Ikapita yapita. Adzakalipa, adzatopa."

Thoa anatsegula. Zonse zinali m'malo mwake: magiredi, makalata a aphunzitsi a kusukulu, chimangirizo. Kunatsala kabatani kamodzi. Anayang'ana kabataniko nthawi yaitali. Akakadina, Mien apulumuka ku laibulale yabodza, ndipo Lamulungu lifa. Akapanda kukadina, mawa teni koloko amudikira amayi asanu ndi tiyi wawo.

Anatseka kompyuta.

"Ayi."

"Nanunso akugulani ndi mbale ya masamba?"

"Pakamwa apo, iwe. Khala pansi, tenga thaulo ilo." Anadikira mpaka mtsikanayo atakhala. "Ndinakuuza kuti ulembe chimene ukuchidziwa wekha. Ndinaiwala kukufunsa kuti mwini wake ndani. Nkhani ija ndi ya mayi ako, Mien. Ife awiri tinaitulutsa m'nyumba mwawo ngati akuba, kuti tikaionetse kutsidya kwa nyanja eni ake asakudziwa. Ndawerenga kwambiri zofuna azungu mpaka ndaiwala za kwathu. Tikatumiza lero, tiba kachiwiri."

"Ndikanawauza akanakana."

"Mwina. Koma akanakanira m'nyumba mwawo, osati pamaso pa mkazi wa adokotala."

Mien anakwirira nkhope m'thaulo. Mapewa ake ankagwedezeka. Pansi makina a telala ankalira, kuleka, kuliranso.

"Tandiuza," anatero Thoa mwadzidzidzi. "Tsiku lija unali kuti?"

"Pamasitepe. Ndinamva zonse."

"Trinh anawerenga mpaka pati?"

"Mpaka pa magalasi. Amayi anagwetsa kapu, anthu n'kuyamba kutsanzika."

"Tsamba lachiwiri?"

Mien anachotsa thaulo kumaso.

"Sanalitembenuze n'komwe."

* * *

Lachisanu m'mawa madzi anali atalowa mumsewu wa kushopu, ofika m'kakolo. Thoa anasiya njinga yamoto pamtunda n'kuyenda wapansi, nsapato zili m'manja. Analowera kuseri, kukhitchini.

Mayi Gam anali pachiwaya chachikulu, akutakasa shuga ndi mthiko wautali ngati nkhafi. Luan ankadula maswiti patebulo. Mien anali pakona, atakumbatira chikwama cha sukulu.

"Mwafulumira, aphunzitsi. Anzanga abwera teni koloko."

"Zimene ndadzera si za anzanu, azakhali." Thoa anaika nsapato pansi, n'kupinda manja, n'kuweramitsa mutu monga mwana wolakwa achitira. "Ndinalakwa. Kupeka sindinapeke, ndipo sindidzanena kuti ndinapeka, ngakhale mbale isabwere. Kulakwa kwanga n'kwakuti ndinalola nkhani yanu ituluke pakhomo inu musanaimve. Pepala lija lili ndi masamba awiri. Mwamva limodzi. Ndikupempha mumve linalo. Mukakana, ndiling'amba ndekha pamaso panu, Mien adikire chaka chamawa tilembe china. Koma la laibulale dzanja langa silikhudza."

"Chaka chamawa!" anafuula Mien.

"Chete iwe," anatero Luan. Mpeni wake unali utaima.

Mayi Gam sanavomere, sanakane. Mthiko unkangozungulira. Thoa anamukodola Mien ndi maso. Mtsikanayo anatulutsa kope lake la tsamba lachiwiri m'chikwama, n'kuyamba kumasulira m'chilankhulo cha mayi ake.

"Mayi anga sadziwa zilembo, koma amawerenga mtsinje. Amayang'ana mtundu wa madzi m'mawa n'kutiuza kuti tikweze matumba a shuga, wailesi isananene kanthu. Sanaphonyepo. Chaka cha madzi aakulu, ine ndisanabadwe, anapalasa bwato m'misewu ya mzinda uno, mchimwene wanga atamumangirira m'chiuno ndi chingwe, n'kutsitsa anthu asanu ndi anayi pamadenga. Ena mwa anthuwo anali omwe aja ankawathamangitsa pampopi, amati anthu a m'mabwato adetsa madzi. Sanawafunse kanthu. Anangoti, pondani pakati, bwato lingapendeke."

Mthiko unayamba kuchedwa.

"Ine ndimawawerengera makalata, iwo amandiwerengera madzi. Ndikufuna ndikaphunzire za madzi osefukira, kuti zimene mayi anga amaziona ndi maso ndidzazilembe m'mabuku, anthu amene amakhulupirira zolembedwa zokha nawonso adzapulumuke. Pakhomo pathu wophunzira woyamba si ine. Ine ndine woyamba kukhala ndi pepala basi."

Mthiko unaima. M'khitchini munayamba kumveka fungo la shuga wopserera, koma palibe amene anasuntha.

"Wakuuza zimenezo ndani?" anafunsa Mayi Gam, akuyang'anabe m'chiwaya.

"Ine, amayi," anatero Luan.

"Iwe? Iwe unali ndi zaka zisanu, unkalira ngati mphaka wonyowa, ukanawerenga chiyani? Sanali asanu ndi anayi. Anali khumi ndi mmodzi." Anapukuta mphuno ndi kuseri kwa dzanja. "Ndi nkhumba. Mwini wake anakana kutsika padenga popanda nkhumba yake, chitsiru cha munthu. Inandiluma apa, chipsera chilipo mpaka lero. Ngati ukuwauza azunguwo, uwauze zoona. Konza pamenepo."

Mien anafunsa: "Nanga... nanga za magalasi, amayi?"

Mayi Gam anavula chingwe cha magalasi pakhosi. Anawayang'ana ngati chinthu chimene atola pamsewu, n'kuwaika pashelefu, pakati pa mabotolo a chitowe.

"Mkazi wa adokotala wamva kale. Azungu andichita chiyani?" Kenako anakuwa: "Luan, shuga akupserera, waima ngati chipilala bwanji! Phula!"

Thoa anatulutsa kompyuta m'chikwama cha pulasitiki. Mien anafufuta asanu ndi anayi, n'kulemba khumi ndi mmodzi, ndi nkhumba yomwe. Atafika pa kabatani kaja, Mayi Gam anamukankha ndi chigongono.

"Ndi pati? Apa? Nkhani ndi yanga, nditumiza ndekha."

Anadina ndi chala chomata. Njere ziwiri za chitowe zinatsalira pa kompyuta, ndipo Thoa sanazichotse.

"Iwe uli ndi mutu wouma," anatero Mayi Gam akumuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi. "Mpongozi wotere adzandidwalitsa mutu. Ndipo usamaime pasimenti yonyowa wopanda nsapato, mwananga, udzavutika pobereka. Ukawauze bambo ako kuti tifika naini koloko."

Teni koloko anzawo aja anabwera, masiketi atakwinyira m'maondo. Mayi Gam anawathirira tiyi, n'kulamula Mien awerengenso tsamba lachiwiri, mokweza. Mkazi wa adokotala anamvetsera mpaka kumapeto, kenako anafunsa motsitsa kuti madenga amenewo anali a msewu uti, chifukwa apongozi ake chaka chimenecho anatsitsidwa ndi mayi wina wa bwato amene sanamudziwe dzina.

Trinh yekha sanabwere. Ndipo pakauntala, pomwe masamba aja anakhala sabata yonse, panali tsamba lachiwiri lokha. Thoa anaona zonse ziwiri, koma mtima wake unali utapepuka kwambiri moti sanaziike pamodzi.

Luan anamuperekeza mpaka pamtunda, atamunyamulira nsapato.

"Zija ndinanena za masitepe ako..."

"Zija ananena Trinh."

"Zija ndinabwereza ngati chinkhwe. Pepa, Thoa."

"Lamulungu muvale malaya abuluu, achimwene. Oyera aja amakuonetsani ngati wogulitsa mankhwala."

* * *

Akukhota kulowa m'kanjira ka kwawo, Thoa anakumana ndi galimoto yofiira ikutuluka, matayala akumwaza madzi. Galasi linatsika. Anali Trinh.

"Achemwali! Bambo anu ndi munthu wophunzira bwanji. Chingelezi chawo chikuposa changa. Ulendo uno sipanafunikenso womasulira."

Galasi linakwera, galimoto n'kupita.

Pakhonde nyuzipepala zija panalibe. Makapu a maluwa abuluu anali atabwerera m'kabati, kabati itakhomedwa. Bambo Tuc anali atakhala kutsogolo kwa guwa la makolo, msana uli chilili. Patebulo panali buku la mbumba yawo, lokutidwa ndi nsalu yofiira, ndipo pambali pake tsamba limodzi lonyowa m'makona.

"Bambo..."

"Mibadwo khumi ndi inayi yalembedwa m'buku ili," anatero osatembenuka. "Aliyense ndi mudzi wake, aliyense ndi manda ake. Amene anakwatiwa, talemba kumene anapita. Lamulungu ndiyenera kuyatsa lubani n'kuwauza anthu awa kuti mdzukulu wawo akupita kwa yani. Ndiwauze kuti chiyani? Kuti akupita pamadzi?"

"Bambo, pali tsamba lachiwiri. Mukalimva lokha..."

"Loyambali landikwanira."

Anatembenuza pepalalo kuti limuyang'ane Thoa, n'kuika chala m'mphepete, pomwe panali inki yofiira.

"Dzanja ili ndinaliphunzitsa kugwira cholembera ndine. Sindingalisokoneze ndi la wina. Werenga."

"Bambo, chonde."

"Ndati werenga. Mokweza, amve ndi awa."

Thoa anawerenga: "Apa ndiye pali iwe. Usabise kanthu."

"Usabise kanthu," anabwereza Bambo Tuc pang'onopang'ono. "Mwana wa eni ake unamuuza zimenezo. Nanga ine, Lachitatu, nditakhala pakhonde paja ndi mkuwa m'manja ngati chitsiru, ndikukufunsa mudzi wawo, unandiyankha kuti chiyani?"

Bambo Tuc anaimirira, n'kutenga loko wamkulu amene ankakhala pamsomali chiyambire maliro a mayi ake a Thoa. Anatuluka pamvula opanda ambulera. Thoa anamva geti likukokedwa, kenako loko akulira.

M'thumba mwake foni inanjenjemera. Anaitulutsa. Anali Luan.

Amayi agula kale masamba, asankha okha limodzilimodzi. Akuti Lamulungu atsogola ndi iwo, mbale ili m'manja. Akuti bambo ako akafunsa kwawo, awauza okha.